Mawanga Amene Sindinawawerenge

Mwana wanga wamkazi anabadwa mu 2014 ali ndi mawanga atatu: lina pamimba, lina kumsana, lina pantchafu. Anali oderapo pang'ono kuposa khungu lake, osatupa, osayabwa, m'mbali mwake mosalala ngati munthu wachita kujambula. Anamwino anati ndi zobadwa nazo basi, ndipo ine sindinadabwe chifukwa nanenso ndili nawo. Amayi anga atamunyamula anaseka n'kunena kuti, "Ameneyu palibe angamukane, watengera agogo ake." Tinasangalala. Tinkaona ngati ndi chidindo cha banja lathu.

Ndipo chinalidi chidindo. Malemu bambo anga anali ndi tizotupa tofewa kumaso, m'khosi ndi kumsana konse, ife tinkangoti ndi njerewere. Achimwene anga aakulu anakula ndi chotupa pantchafu yakumanja, chimene ukachigwira chinkamveka ngati zingwe zopiringizana pansi pa khungu. Ineyo tizotupa tinayamba kundituluka ndili ndi pakati pa mwana ameneyu, tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kumsana ndi pamimba. Kamodzi kankakhulana ndi zovala n'kumandipweteka, ndiye ndinakachotsetsa. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba. Sindinafunse kuti kachotupako n'kachiyani, ndipo sikanatumizidwe ku labotale, anangokataya. Akanakayeza, dzina la matenda athu tikanalidziwa mwana akadali kumsana. Chilichonse chimene akuchotsani m'thupi, ngakhale chichepe ngati mkanda, pemphani kuti chikayezedwe, ndipo pepala la zotsatira muzisunga nokha.

Anthu anayi a magazi amodzi, aliyense ndi kavuto kake, koma panalibe amene anaziika pamodzi. Aliyense ankapita kwa dokotala wake pa nthawi yake. Palibe dokotala anandifunsa za abale anga, nanenso sindinaganize kuti njerewere za bambo zingakhale nkhani yoti n'kuuza munthu wovala gawuni yoyera.

Mu Malichi 2019, mwana ali pafupi kukwanitsa zaka zisanu, ndinayamba kuona kuti diso lake lakumanzere likupenyera kunja, makamaka akatopa. Ankagunda felemu la chitseko ndi phewa, nthawi zonse phewa lakumanzere. Ndinkamukalipira kuti ndi wosasamala. Aphunzitsi ake atandiuza kuti amapendeketsa mutu akamayang'ana pa bolodi, tinapita naye kumalo ogulitsira magalasi. Anamuimika patsogolo pa zithunzi, anamuuza kuti atseke diso limodzi ndi dzanja, iye n'kutchula zonse bwinobwino. Ine ndinaona kuti akusuzumira pakati pa zala, koma ndinangoseka. Tinagula magalasi n'kubwerera kunyumba mitima ili m'malo.

Magalasi amenewo anatidyera miyezi isanu ndi itatu. Ndalama zake sizindiwawa. Chimandiwawa ndi nthawiyo, chifukwa mtsempha wa diso ukafa sudzukanso. Mwana wamng'ono sadandaula kuti diso limodzi silikuona, popeza diso linalo limagwira ntchito ya awiri ndipo iye amayesa kuti aliyense amaona choncho. Ngati mukukayika, mumateni diso limodzi ndi kansalu kapena pulasitala, osati ndi dzanja lake, mumuonetse kanthu kakang'ono, kenako muchite chimodzimodzi ndi linalo. Ndipo diso la mwana likayamba kupenyera kumbali, woyenera kuliona ndi dokotala wa maso amene amayang'ana mpaka kuseri kwa diso.

Tinafika kwa dokotala woteroyo mu Novembala. Anamumata diso lakumanja ndi pulasitala, mwana n'kutambasula manja kundifunafuna. "Amayi, kwada," anatero. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Dokotala anamuthira mankhwala okulitsa mboni, anayang'ana kuseri kwa diso nthawi yaitali, ndipo anati mtsempha wakumanzere wayera m'malo mokhala wofiirira. Pomukonza kolala kuti akhale bwino pa makina, anaona banga m'khosi mwake.

"Mayi, mawanga ngati ili alipo angati?"

"Sindikudziwa, adokotala. Ndi obadwa nawo."

Anatsegula kabati n'kutulutsa rula wamba ya pulasitiki, ngati ya ana a sukulu. Tinamuvula mwana diresi, dokotala n'kuyamba kuyeza banga lililonse, akulemba pa kapepala. Oposa mamilimita asanu anakwana 11. Anamukweza mkono, m'khwapa munali timadontho tambirimbiri ngati wamuwaza dothi. Ine amene ndinkamusambitsa tsiku lililonse ndinali ndisanawerengepo ngakhale kamodzi. Kenako dokotala anatembenukira kwa ine.

"Mayi, takhalani apa inuyo. Ikani chibwano pamenepa."

Kuwala kopyapyala kunadutsa m'maso mwanga, sipanathe ndi mphindi yomwe. Anati pa mbali yozungulira mboni ndili ndi timatuza ting'onoting'ono totchedwa Lisch, tosavulaza maso, koma topezeka mwa akuluakulu pafupifupi onse amene ali ndi matenda ena ake. Anandilembera dzina lake pa kapepala komweko: neurofibromatosis type 1, mwachidule NF1. "Mwanayu watengera kwa inu, ndipo inu munabadwa nawo," anatero. Ndinali ndi zaka 32. Ndinalowa m'chipindamo ngati woperekeza, ndinatuluka ndili wodwala.

Dziwani kuti pofika apa panalibe magazi amene anatengedwa. Anthu ambiri amayesa kuti matenda otengera kwa makolo amadziwika ndi makina a DNA okha, koma NF1 nthawi zambiri amaizindikira ndi maso ndi rula. Mndandanda wa zizindikiro unakhazikitsidwa pa msonkhano wa akatswiri ku National Institutes of Health ku America mu 1987, ndipo unakonzedwanso mu 2021. Zina mwa izo ndi mawanga asanu ndi limodzi kapena kuposa, aakulu kupitirira mamilimita 5 mwa mwana ndi mamilimita 15 mwa munthu wotha msinkhu. Timadontho ta m'khwapa kapena m'mphechepeche. Tizotupa ta pa mitsempha. Timatuza ta Lisch. Chotupa pa mtsempha wa diso. Fupa la mwendo lopindika chibadwire. Komanso kukhala ndi kholo lodwala matendawa. Zizindikiro ziwiri n'zokwanira. Mawangawo amawatchula kuti café-au-lait, mawu a Chifalansa onena mtundu wa khofi wothira mkaka. Dzinali limasocheretsa, chifukwa pa khungu lakuda saoneka choncho, amangooneka oderapo, ndipo n'zosavuta kuwanyalanyaza. Banga limodzi kapena awiri anthu ambiri ali nawo ndipo sizitanthauza kanthu. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake.

Usiku umenewo ndinachita chimene dokotala anandiletsa. Ndinalemba dzinalo pa intaneti n'kuyang'ana zithunzi. Musachite zimenezi muli nokha pakati pa usiku. Zithunzi zimene zimabwera poyamba ndi za anthu amene matendawa anawagwira koopsa kwambiri, pamene ambiri amangokhala ngati ine, osadziwika n'komwe mumsewu. Zina si za NF1 n'komwe. Ndinalira ndi zithunzi za Joseph Merrick, Mngelezi amene anamwalira mu 1890, yemwe kwa zaka zambiri ankanenedwa kuti anali ndi matendawa, chikhalirecho kuyambira mu 1986 madokotala ambiri amakhulupirira kuti anali ndi vuto lina lotchedwa Proteus syndrome. Ndinathanso mlungu wathunthu ndikuopa kuti mwana agontha, nditawerenga za NF2. Mayina akufanana, koma ndi matenda ena, a jini ina (jini ndi kachidutswa ka malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo), imene imayambitsa zotupa pa mitsempha ya makutu onse awiri.

Amuna anga sanandiloze chala. Amene ananena kuti "kwathu kulibe zoterezi" anali achibale ena, ndipo mawu amenewo anandilasa chifukwa ndinali nditayamba kale kudziimba mlandu ndekha. Amene anandimasula anali mlangizi wa za majini amene anatitumizako. Anatenga pepala lalikulu n'kujambula banja lathu lonse, mabokosi kuimira amuna, mizere yozungulira kuimira akazi, akudetsa aliyense amene ndinamufotokoza kuti ali ndi mawanga kapena zotupa. Bambo, achimwene, ine, mwana. Zimene zinatikanika kuona kwa zaka makumi atatu zinaonekera pa pepala limodzi m'mphindi khumi. Anatiuza kuti munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 3,000 amabadwa ndi NF1, mtundu uliwonse wa anthu, amuna ndi akazi mofanana. Kholo likakhala nayo, mimba iliyonse ili ngati kuponya kobiri m'mwamba: mwayi ndi theka, ndipo kobirilo silikumbukira mmene linagwera ulendo watha. Anawonjeza kuti pafupifupi theka la odwala onse makolo awo alibe matendawa, jiniyo imangosintha yokha pamene mwana akupangika. "Mayi, simunasankhe jini yoti mumupatse, monganso simunasankhe kutalika kwake," anatero.

Sikani ya MRI, yojambula mkati mwa mutu wa mwana, tinaidikira milungu isanu ndi inayi. Mwana wa zaka zisanu sangakhale duu m'makina aphokoso aja, choncho amayenera kumugoneka ndi mankhwala, ndipo asadye kwa maola angapo. Tsiku loyamba ndinamumvera chisoni n'kumupatsa kakudya pang'ono m'mawa. Anatibweza. Milungu ina iwiri inapita chifukwa cha chisoni changa. Mu Januwale 2020 zotsatira zinaonetsa chotupa pa mtsempha wa diso lakumanzere, chikuyandikira pamene mitsempha ya maso awiri imakumana. Amachitcha optic glioma. Chimapezeka mwa ana pafupifupi 15 pa 100 alionse a NF1, kawirikawiri asanakwanitse zaka zisanu ndi ziwiri. Zambiri mwa zotupazi zimangokhala osakula, ndipo madokotala amangoziyang'anira. Amayamba mankhwala akaona kuti maso akuchepa mphamvu. N'chifukwa chake mwana wa NF1 amayenera kuyezedwa maso chaka chilichonse, makamaka asanakwanitse zaka 8, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Wanga akanakhala pa ndandanda imeneyi kuyambira ali ndi chaka chimodzi.

Ndinachonderera kuti angochiwotcha ndi cheza chithe. Dokotala anakana, ndipo ndinapsa mtima poganiza kuti akutimana chithandizo chabwino. Anandifotokozera modekha kuti mwa ana a NF1 radiotherapy, imene ndi kuwotcha ndi cheza kumeneku, amaipewa, chifukwa imatha kuyambitsa zotupa zina zoopsa patsogolo ndi kuwononga mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Opaleshoni nayo sikanabweza kuona. Tinayamba kemo, chithandizo cholimbana ndi zotupa, mu Febuluwale, mankhwala awiri, carboplatin ndi vincristine, ndipo inatitengera chaka ndi miyezi ingapo. Sindifotokoza zambiri za nthawi imeneyo. Kusanza, kudzimbidwa, miyendo yopweteka, usiku wothamangira kuchipatala thupi likatentha. Ndinasiya ntchito mwezi wachinayi. Chimene chinatisaukitsa kwambiri sanali mankhwalawo, koma maulendo a mlungu ndi mlungu, masiku amene amuna anga anajomba kuntchito, ndi malipiro anga amene anatha. Tinabwereka, ndipo ngongole yomaliza tinaibweza patapita zaka zitatu. Diso lakumanzere silinabwerere, limangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Lakumanja linapulumuka.

Tinayezetsanso majini. Mwina mukufunsa kuti nanga kuyeza majini kunali kwa chiyani, poti matenda anali atadziwika kale. Yankho lake linali likukwawa pabalaza. Mwana wathu wachiwiri, wamwamuna, anabadwa mu 2018, ndipo anali ndi mawanga awiri. Awiri okha. Ndinkamuvula madzulo aliwonse ndi rula m'manja. Madokotala anati pafupifupi ana onse a NF1 amakhala ataonetsa zizindikiro zokwanira pofika zaka 8, ndiye tikhoza kungodikira uku tikumuyeza maso. Zaka zisanu ndi chimodzi za rula sindikanazipirira.

Amuna anga, pofuna kundithandiza, anaitanitsa pa intaneti kabotolo kolavuliramo malovu, ka makampani amene amauza anthu za makolo awo akale ndi matenda ena. Zotsatira zinabwera zokongola, zamitundumitundu, zopanda mawu alionse okhudza NF1, ndipo iwo anabwera akumwetulira. "Mayi, mnyamatayu alibe kanthu." Kwa masiku anayi ndinagona tulo. Mlangizi uja atawona pepalalo anapukusa mutu. Mayeso oterowo amangoyang'ana malo ochepa osankhidwiratu mu DNA, sawerenga jini yonse. Zili ngati kutsegula masamba asanu a buku lalikulu n'kulengeza kuti mulibe cholakwika m'buku lonse. Ndalama zinapita, ndipo choopsa n'chakuti tikanatha kusiya kumuyeza maso mwanayo chifukwa cha pepala lopanda ntchito.

Mlangiziyo ndi amene anandiphunzitsa mmene jiniyi imagwirira ntchito, ndipo ndifotokoza monga ndinamvera, chifukwa kumvetsa kumeneku kunandichotsa mantha ambiri. Matendawa anawalongosola bwino dokotala wa ku Germany, Friedrich von Recklinghausen, mu 1882, koma jini yake inapezeka mu 1990, ndi magulu awiri a ofufuza, lina lotsogoleredwa ndi Francis Collins ku Michigan, lina ndi Ray White ku Utah. Ili pa kromozomu 17, umodzi mwa mitolo imene majini amakhalamo. Ntchito yake ndi kupanga puloteni yotchedwa neurofibromin, imene ili ngati buleki. M'selo (maselo ndi timagawo ting'onoting'ono topanga thupi) muli puloteni ina, RAS, imene imalamula selo kuti likule ndi kugawikana, ndipo neurofibromin ndi imene imaizimitsa nthawi ikakwana. Munthu aliyense ali ndi makope awiri a jiniyi, lina la kwa mayi, lina la kwa bambo. Ife a NF1 timabadwa kope limodzi lili lowonongeka m'selo lililonse, ndipo timayendera buleki imodzi yotsalayo. Selo lina likataya kope lachiwirilo mwangozi, buleki yatheratu, ndipo pamalo pamenepo pamamera chotupa kapena banga. Ganizo lakuti zotupa zotengera kwa makolo zimafuna kumenyedwa kawiri chonchi analiyambitsa Alfred Knudson mu 1971, pofufuza khansa ya m'maso ya ana. Nditamva izi ndinasiya kudzifunsa kuti ndinamudyetsa chiyani mwana wanga kapena anagwa liti. Kumenya kwachiwiriko ndi ngozi ya m'selo, palibe amene amaichititsa.

Vuto ndi lakuti jini ya NF1 ndi yaikulu kwambiri, ndipo ofufuza apeza mitundu masauzande ya zolakwika zimene zingachitike mmenemo. Mabanja ambiri ali ndi cholakwika chawochawo. Choncho njira yake ndi iyi: amayamba ndi munthu amene akudwala mosakayikitsa, amawerenga jini yake yonse mpaka apeze pamene palakwika, kenako abale ena amangowayang'ana pamalo amodzi omwewo. Ife tinayambira kumchira, kuyeza mwana wokayikitsa tisanadziwe chimene tikufuna.

Mayeso enieniwo anali okwera mtengo kuposa mmene tikanathera pa nthawiyo, ndiye titamva kuti pali kafukufuku wa zotupa za mitsempha mwa ana amene akufuna mabanja, ndinavomera msanga. Fomu yachilolezo inali ya masamba ambiri, ndinasaina ndili chiimire, mwana ali pa diripi. Uku kunali kulakwitsa kwina. Ndinkaganiza kuti kafukufuku ndi mayeso aulere. Si choncho. Cholinga cha kafukufuku ndi kuyankha funso la ofufuza, ndipo ena sabweza zotsatira kwa munthu payekha. Musanasaine, khalani pansi mufunse: kodi zotsatira zanga mudzandiuza, ndipo liti? Magazi otsala mudzawasunga zaka zingati, ndipo angawagwiritse ntchito ndani? Mukapeza vuto lina limene sitimalifuna, mudzandiuza, nanga ndili ndi ufulu wokana kuuzidwa? Ndikafuna kutuluka, chithandizo cha mwana chisintha? Ofufuza abwino amayankha mafunso amenewa mosanyinyirika. Athu anali abwino, wolakwa ndinali ine wosafunsa.

Magazi anatengedwa mu Malichi 2020, ndipo mukudziwa chimene chinagwa padziko mwezi umenewo. Malabotale anatembenukira ku Covid-19. Tinadikira miyezi khumi. Zotsatira zitabwera anatiuza kuti za kafukufuku sizingagwiritsidwe ntchito posankha chithandizo mpaka zitatsimikizidwa ndi labotale yovomerezeka ya chipatala. Miyezi ina iwiri, ndi ndalama zina. Komabe kuyang'ana malo amodzi n'kotsika mtengo kuposa kuwerenga jini yonse, choncho kafukufukuyo anatithandizabe. Anapeza kuti mwa ine ndi mwa mwana wamkazi chilembo chimodzi cha DNA chinasintha, n'kuika chizindikiro chakuti "ima" pakati pa jini, moti puloteni imaduka isanathe kupangidwa. Chilembo chimodzi. Tinali ndi mwayi kuti yankho linali lomveka. Mayi wina amene tinkakhala naye pa benchi ya kemo analandira pepala lonena kuti apeza kusintha koma tanthauzo lake silikudziwika, ndipo anatsala m'malere monga analili poyamba. Ena amapezeka kuti mawanga awo ndi a Legius syndrome, vuto la jini ina yotchedwa SPRED1 limene linadziwika mu 2007, lokhala ndi mawanga ofanana koma lopanda zotupa za mitsempha. Kwa mwana amene ali ndi mawanga okha ndipo makolo alibe kanthu, mayeso angasiyanitse ziwirizi.

Mnyamata wathu alibe chilembo chimenecho. Mawanga ake awiri ndi mawanga wamba. Mlangizi atanena, ndinagwada pansi mu ofesimo. Koma potuluka, nditaona mlongo wake atakhala pakhonde, tsitsi litathothoka, akupendeketsa mutu kuti aone bwino buku lake, chimwemwe chija chinandikhala pakhosi. Palibe anandichenjeza kuti uthenga wabwino wa mwana mmodzi ungapweteke chonchi.

Ndinafunsanso funso limene kholo lililonse limafunsa: poti mwachipeza, ndiuzeni kuti mwana wanga zidzamuthera bwanji. Mlangizi anatulutsa pepala la banja lathu lija. Bambo anga zotupa thupi lonse. Ine tisanu n'kamodzi tobisika. Achimwene chotupa chimodzi chachikulu. Mwana, diso. "Nonsenu chilembo chake n'chimodzi," anatero. Pali mitundu yochepa ya zolakwika imene imapereka chithunzi, monga pamene jini yonse yasoweka, zimene zimachitika mwa odwala pafupifupi asanu pa 100 ndipo matenda amakhala okulirapo. Koma kwa ambirife mayeso amangonena kuti uli nawo kapena ulibe. Ngati mukupita kukayezetsa kuti akulosereni tsogolo la mwana, sungani ndalama zanu. Ngati mukufuna kudziwa amene ayenera kuyang'aniridwa ndi amene angamasulidwe, pitani.

Nkhani ya achimwene ndi imene imandisowetsa tulo mpaka lero. Ndinawauza za NF1 mu Januwale 2020, iwo n'kuseka. "Mlongo wanga, chotupachi ndakhala nacho zaka makumi anayi. Chikanafuna kundipha chikanandipha kale." Ndinawasiya, poti mutu wanga unali pa mwana. Chimene sindinawauze, chifukwa ndinali ndisanachigwire bwino, ndi zizindikiro zoopsa. Chotupa chawo ndi cha mtundu wa plexiform, chomera motsatira mtsempha waukulu, ndipo choterechi chimatha kusanduka khansa yoopsa imene amaifupikitsa kuti MPNST. Mwa anthu 100 a NF1, pakati pa 8 ndi 13 amadzaidwala pa moyo wawo. Zizindikiro zake n'zosavuta kuloweza: ululu wosatha, makamaka wodzutsa munthu usiku, chotupa kukula mofulumira, chofewa kusanduka cholimba, dzanzi kapena kufooka kwatsopano m'mwendo kapena m'dzanja.

Chapakati pa 2021 alamu anga anandinong'oneza pa foni kuti achimwene sakugona, akumwa mapiritsi opha ululu usiku uliwonse, ndipo wakhala mwezi wachitatu. Ndinapita tsiku lomwelo. Ndinagwira ntchafu ija. Zingwe zofewa zimene ndinkazidziwa kuyambira ubwana zinalipo, koma pakati pake panali chinthu cholimba ngati mwala. "Achimwene, kubisa matenda maliro adzaulula. Nyamukani." Anakana, ndinalira, anakanabe. Panatha milungu ina isanu kuti avomere, ndipo kuchipatala choyamba anangowapatsa mapiritsi amphamvu. Ulendo wachiwiri ndinapita nawo nditanyamula pepala la mlangizi, n'kuuza dokotala mawu awa: "Bambowa ali ndi NF1, ndipo chotupa chawo chakale chasintha." Mawu amenewo anatsegula zitseko zimene "mwendo ukupweteka" sanatsegule. Sikani, kudula kachidutswa kukayeza, kenako opaleshoni kumayambiriro kwa 2022. Inali MPNST. Anachotsa chotupa pamodzi ndi mtsempha wake ndi mnofu wozungulira, n'kuwotcha pamalopo. Ali moyo, amayenda ndi ndodo, phazi limakwekwereza, ndipo amakajambulitsa mapapo pafupipafupi kuona ngati yafalikira. Ndikanawalembera zizindikiro zinayi zija pa kapepala mu 2020, mwina akanasunga mwendo wawo wonse.

Anthu amanditumizira nkhani za mankhwala atsopano, ndiye ndinenepo mwachidule. Mu Epulo 2020 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza selumetinib, mankhwala oyamba a NF1, a ana oyambira zaka ziwiri amene ali ndi zotupa za plexiform zosatheka kuchotsa ndi opaleshoni. Amatseka puloteni ya MEK, imene imalandira uthenga kuchokera kwa RAS, ngati kuika buleki ina kutsogolo kwa yothyoka ija. Pa kafukufuku wake, mwa ana pafupifupi awiri pa atatu alionse zotupa zinaphwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposa. Sachiza, amakhala ndi zovuta zake monga zilonda za pakhungu ndi kutsegula m'mimba, ndi okwera mtengo koopsa, ndipo si a tizotupa ta pakhungu ngati tanga. Kuchokera pamene jini inapezeka mpaka mankhwalawa panadutsa zaka 30, ndi magazi a mabanja ambirimbiri amene sanapindulepo okha. N'chifukwa chake sindinatuluke m'kafukufuku uja, ngakhale ananditopetsa.

Ineyo tsopano ndimayezetsa BP kawirikawiri, chifukwa mu NF1 imatha kukwera chifukwa cha mtsempha wa impso wopanikizika kapena chotupa cha pamwamba pa impso, ngakhale mwa ana. Bambo anga anadwala BP yosamva mankhwala zaka zambiri, ndipo palibe anafufuza chifukwa chake. Ndimajambulitsanso mabere chaka chilichonse, popeza amayi a NF1 osakwana zaka 50 ali pa chiopsezo chokulirapo cha khansa ya m'mabere. Malangizo ena amati ayambe ali ndi zaka 30, ena 40. Mwana amayezedwa maso, BP, msana ndi kakulidwe. Masamu ndi kulemba zimamuvuta, monga zimavutira pafupifupi theka la ana a NF1, ndipo ndinapepesa kwa iye chifukwa cha masiku onse amene ndinamutcha waulesi. Mapepala athu onse ali m'chikwama chimodzi cha pulasitiki, pamwamba pake pali chithunzi cha banja chojambula mlangizi uja. Dokotala watsopano aliyense amayamba waona chimenecho.

Mwezi watha tikuchokera koyezetsa maso, mwana anandifunsa ngati ana ake adzakhale ndi mawanga. Ali ndi zaka 11 tsopano, ndipo ndinalonjeza kuti sindidzamunamiza. Ndinatulutsa kobiri m'kachikwama, n'kumufotokozera monga anandifotokozera ine. Analiponya katatu, akulitsatira ndi diso lake limodzi, mutu utapendekera kumanzere. Kenako anandibwezera.

"Ndiye ndidzawawerenga akangobadwa," anatero. "Rula ija musataye, Amayi."